Jakisoni Kawiri, Mavitamini ku Nkhumba

Panali munthu wina cha ku Mbulumbuzi, dzina lake Silvesta, bambo waphuma wosadziwa kudikira. Anali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka yomwe analandira kugulu la alimi, pa pangano loti ikabereka mwana wamkazi amupereke kwa wotsatira pamzere. Wotsatirayo anali mlamu wake wamasiye, Dainess, yemwe anali atamanga kale khola n'kudzala nsenjere.

Ng'ombe ija itatenga bere, inayamba kutentha thupi. Alangizi a ziweto, mayi Fiona, anabwera nayiyeza.

"Jakisoniyu ndi waukali, amatha kuvulaza impso," anatero. "Muzibaya kamodzi patsiku, masiku asanu. Mavitamini awa, E ndi C, amathandiza kuteteza impsozo. Madzi asasowe, ndipo mkaka musagulitse mpaka ndikuuzeni."

Apa ndiye panavuta. M'mawa anzake akamadutsa ndi zigubu za mkaka panjinga, Silvesta ankangozungulira khola, mtima uli m'mwamba. Masiku asanu kwa iye chinali chaka! Pamsika anadandaulira mkulu wina wogulitsa mankhwala a makoswe, munthu yemwe sankamudziwa n'komwe.

"Achimwene, alangizi amangochedwetsa anthu," anatero mkuluyo. "Bayani m'mawa ndi madzulo ng'ombeyo ichire msanga. Mavitaminiwo ndi ongonenepetsa, patsani nkhumba."

Silvesta anachitadi zomwezo, nawonjezeranso masiku kuti matenda atheretu. Sabata itatha, ng'ombe inasiya kudya. Kenako inasiya kukodza. Anathamangira alangizi aja thukuta lili kamukamu.

"Mwabaya kangati? Nanga mavitamini aja ali kuti?" anafunsa mayi Fiona atafika pakhola.

Silvesta anangoyang'ana kukhola la nkhumba zake. Tsiku lotsatira ng'ombe inafa. Poing'amba, alangizi anamuonetsa impso zotupa, zotuwa. M'mimba munali kamwana.

Dainess anafika atasenza mtolo wa nsenjere, poti ankathandiza kudyetsa ng'ombeyo tsiku ndi tsiku. Anautula pansi, nayang'ana kamwana kaja nthawi yaitali.

"Alamu, kanali kakakazi?"

Silvesta anagwetsa nkhope. Kanali kakakazi.

Phunziro: Mankhwala ochiza chiweto angathenso kuchipha mukapyola muyezo. Zimene alangizi akupatsani kuti ziteteze impso si zokongoletsa, perekani zonse monga anenera. Phuma lanu likhoza kuliritsa munthu wosalakwa. Tumizirani alimi anzanu uthengawu asanabaye jakisoni wina.