Duwa la Pakhonde

Pochokera kuntchito anapeza duwa lake loyanga likadali pakhonde, maluwa ali psuu mpaka kudenga, koma masamba atayamba kufota. Atayang'ana pansi anaona tsinde lodulidwa, utomoni ukuchucha.

Mwamuna wake anali ataima pambali, chikwanje chili m'manja.

"Amayi akuti limaitana njoka," anatero mwamunayo, maso ali pansi.

Apongozi a mkaziyo, amene anabwera dzana kudzacheza, anali pampando akumwa tiyi.

"Njokayo munaiona, bambo a mwana?" anafunsa mkaziyo.

"Ayi, koma..."

"Ndikulithirira ndi madzi otsukira mbale chilimwe chonse, munali kuti? Ndikulimangirira ndi tinsanza, minga ikundibaya, munali kuti? Lero lachita maluwa ndiye mwadziwa kugwira chikwanje?"

"Mwanawe, maluwa sadyedwa," anatero apongozi.

Mkaziyo mtima unamuwira. Anatsomphola chikwanjecho, mwamuna n'kudumphira kumbuyo. Anakoka nthambi yaikulu, n'kuidula zidutswazidutswa, kenaka anagwada m'mbali mwa khoma n'kuyamba kuzizika m'dothi, chimodzichimodzi.

Apongozi anaika kapu pansi. "Ukutani tsopano?"

"Ndikubzala, amayi. Mukadzabweranso, khomo mudzachita kufunsa."