Madiresi a pansi pa mulu

Galimoto itangoima panja, a Abednego Ngulube anathamangira pazenera la shopu yawo n'kulitseka. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Mdima ndi umene ankaufuna tsikulo.

Patebulo panali mulu wa madiresi a yunifolomu ya sukulu. Chitsegulireni shopu yosokerayo kuseri kwa msika wa Petauke, oda yaikulu chonchi inali isanabwerepo. Inachokera ku kampani ya ku Lusaka yokhala ndi masitolo m'dziko lonse. Kampaniyo ikakondwa, azimayi osoka pamenepo anali ndi ntchito ya chaka chonse. Ikakana, makina anali oti agulitsidwe, ndipo Olipa, wamkulu wa osokawo, akanabwerera kwawo ku Kaumbwe kukagwira khasu pamodzi ndi anzake.

Koma walira mvula walira matope. Denga linadontha, mpukutu umodzi wa nsalu imene kampani inatumiza n'kuchita nkhungu. A Ngulube anathamangira ku Chipata mwakachetechete kukagula ina ya buluu. Buluu wakenso! Mumthunzi ankafanana ndithu, koma padzuwa ngakhale mwana akanaloza kuti uyu ndi woderako, uyu ndi wotuwa. Madiresi a nsalu yogulayo anawabisa pansi pa mulu.

Tsono munthu amene anatumidwa kudzaona ntchitoyo sanali woseweretsa. Anali amai Immaculate Nyendwa, mkulu wosankha nsalu ndi matelala pakampanipo. Telala aliyense kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chipata ankaidziwa mbiri yawo. Anayamba ali mtsikana wosokerera mabatani m'fakitale, n'kukwera mpaka kukayang'anira mafakitale ku Lesotho ndi ku Mauritius, kumapita okha ku China kukasankha nsalu. Ankati chaka china anabweza kontena yathunthu ya malaya chifukwa makolala anasiyana mtundu ndi manja, eni fakitale akuchonderera mpaka misozi. Diso lawo silinkaphonya, aliyense ankatero.

Amai Nyendwa analowa pang'onopang'ono ngati eni nyumba. A Ngulube anatambasula dzanja kuti apereke moni, koma amaiwo analidutsa ngati palibe. Kunyada kwake! Dzanjalo linangobwerera m'thumba mwamanyazi.

"Mpando uli kuti, bambo Ngulube? Ndipatseni limodzilimodzi."

Makina onse anali zii. Amai Nyendwa anatembenuza diresi loyamba, nayendetsa chala pamsoko kuchokera paphewa mpaka pansi. Anakoka m'khwapa ndi mphamvu zoti diresi lofooka likanalira. Anapotoza batani, nayeza mpindiro ndi zala, osakhudza n'komwe tepi yoyezera imene Olipa anawaikira pafupi.

"Amene anasoka ili asinthe singano lelo lomwe. Yabuntha."

Olipa anaweramitsa mutu. Zinali zoona, ndipo ankadziwa yekha. A Ngulube anaponya diso pansi pa mulu. Munthu wozindikira singano yobuntha mumdima, buluu angamubisire ndani?

Mulu unkatsika. Amaiwo sankamwetulira, sankayang'ana munthu kumaso. A Ngulube anayesa kuwacheukitsa ndi nkhani ya msewu woipa wa ku Sandwe, koma nkhaniyo inafera pakamwa. Anayesa zoti aitanitse chakumwa chozizira. Amaiwo anangopukusa mutu.

Kenako dzanja lawo linasiya pamwamba, n'kulowa pansi penipeni pa mulu. Mayo! Linatuluka ndi diresi la nsalu ya ku Chipata. Analitikita pakati pa zala nthawi yaitali, nalinunkhiza, natenganso lina la pamwamba. Bodza limene a Ngulube anakonza dzulo lake linawathawa m'mutu.

"Tiyeni panja, bambo. Inu nokha."

Panja! Dzuwa linali phwee, lopanda ndi kamtambo komwe. A Ngulube anawatsatira akumva maso a azimayi onse kumsana kwawo. Pakhonde amai Nyendwa anakweza madiresi awiri aja, lina kudzanja lamanja, lina kulamanzere. Kusiyana kwake kunkachita kufuula. Ngakhale mayi wogulitsa mtedza tsidya la msewu akanakuona.

Basi, zatha, anatero a Ngulube mumtima. Anaona makina awo akukwezedwa pangolo, anaona Olipa akumanga katundu wake. Anaganiza zogwada pomwepo pafumbi, anthu aseke ngati akufuna, bola amaiwo alandire ngakhale theka la madiresiwo.

Amai Nyendwa anapendeka mutu kumvetsera ngati pali wina pafupi. Kenako anasendera, natsitsa mawu.

"Msoko wanu ndi wabwino, bambo Ngulube, manja anga andiuza. Koma shuga anandidya maso, ndimangoona zithunzithunzi, ndipo ku ofesi sadziwa. Ndikavomela mtundu wolakwika, ntchito yanga yathela pomwepo. Ndadalila inu. Ndiuzeni, buluu uyu ndi mmodzi?"