Kabango ka a Lufeyo

Chithereni majekeseni ndi mapilisi, mankhwala a chifuwa ankabwera m'kabango kapulasitiki. Wodwala ankakoka mpweya, tifumbi tosaoneka n'kutsikira m'mapapo, n'kugwira ntchito, kenako n'kusungunuka tokha. Ankatero a zaumoyo. Nangondo sankakhulupirira. Fumbi la kuchigayo linapha mlongo wake pang'onopang'ono, ndipo silinasungunuke.

Tsiku loyeza, namwino Mai Thawale anayendetsa tochi yawo pachifuwa cha a Lufeyo, amuna ake a Nangondo. Paliponse pamene tifumbi tafika pankawala mobiriwira. Kwa a Lufeyo kunawala kumtunda kokha, kunsi kuli bii.

"Bambo, mumamaliza kabango konse?"

"Mpaka kuuma," anatero a Lufeyo, akutsokomola.

Namwino anacheukira Nangondo, amene anaima pakhomo nkhope ili ndwii. Tochi itadutsa pabulauzi yake, mapapo onse awiri anawala ngati ziphaniphani.

"Mayi! Mukuwabera mankhwala odwala?"

"Kuba? Kwathu kuno ngakhale thobwa sitipatsa munthu tisanalawe. Ndimakokako kaye ine. Ngati muli poizoni, ndiyambe ndine kufa."

"Zotsala zanuzo sizingawachiritse. Chifuwachi chiwatenga."

Nangondo anayang'ana amuna ake, nthiti zili poyera. Anatola kabango katsopano pamphasa, nakatembenuza uku ndi uku. Sanakaike pakamwa pake. Anakalozetsa kwa namwino.

"Chabwino, ine ndasiya. Mwabwera nako ndinu. Lawani."

Mai Thawale anangokayang'ana kabangoko, manja ali m'thumba.