Seva ya Malemu a Paston

Usiku uliwonse ikangokwana 2 koloko, netiweki ya pakampani ina ya mathiraki ku Limbe inkayenda ngati ikuwodzera. Madalaivala ankagona pageti kudikira mapepala a katundu. Abwana anauza Tasnim, wokonza makompyuta, kuti vutoli likapitirira ntchito imuthera.

Tasnim anabwera yekha usiku, chifunga chochokera ku Kanjedza chikumutsatira mumsewu. Vutolo analipeza msanga. Nthawi imeneyo bakapu inkakopera mafayilo onse kupita ku seva yakale, kompyuta yosungira mafayilo imene ankaisamala malemu a Paston. Tasnim anaimitsa bakapuyo, koma inayambanso yokha pang'onopang'ono, ngati munthu wopuma ali m'tulo.

Anatsikira kuchipinda chapansi. Sevayo inali pakona, idakali m'chitenje chimene anzawo anaifunditsa tsiku la maliro. Chingwe chake cha magetsi chinali chozula, chokulungidwa bwinobwino pamwamba. Ataikhudza, anamva kuti ndi yofunda.

"Mwaiimitsa, achemwali?" ananong'ona mlonda ali pakhomo.

"Ndayesa, koma ikukana."

"Isiyeni. A Paston sachoka isanathe."

Mlondayo sankayang'ana Tasnim ayi. Ankayang'ana mpando umene unali kumbuyo kwa mtsikanayo, ndipo anavula chipewa.