Chifuwa cha a Saturnino

Hermelinda anali wachiwiri pa mzere m'kasitolo kogulitsa mankhwala azitsamba, miyendo ikuwawa. Anali atakwera mabasi awiri m'nkhungu ya mumzinda wa Lima, ija imanyowetsa zovala popanda mvula, kudzagula botolo lachinayi la makapisozi. Wogulitsa ankati makapisoziwo amakhazika bwino chitetezo cha m'thupi. Iye za chitetezozo sankazimvetsa. Chimene ankadziwa n'chakuti amuna ake, a Saturnino, tsopano ankapuma ngati munthu.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri a Saturnino anali akudula nsalu ku Gamarra, dera la osoka ndi ogulitsa zovala, m'kachipinda kopanda zenera, fumbi la thonje lili koboo. Mphumu inawalowa mwakachetechete, n'kukhazikika ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Dokotala sanapite m'mbali: achoke m'fumbilo, apo ayi chifuwa chiwatenga. Koma achoke apite kuti, munthu wa imvi wodziwa kudula nsalu basi? Hermelinda anakana kwamtuwagalu. Anawauza amuna ake kuti ntchito sasiya, njira aipeza ndi iye.

Njirayo anaimva kwa mnzake wa kutchalitchi. Makapisozi awiri m'mawa, awiri madzulo, iye ataima pompo mpaka amezedwe, poti amuna akewo pa mankhwala anali ngati mwana. Mwezi woyamba sipanasinthe kanthu. Wachiwiri, Pasaka itangodutsa, kulira kwa m'chifuwa kunachepa, kuyetsemula kwa m'mawa kunatha, kabotolo ka mankhwala a mphumu opopera m'kamwa kanayamba kuiwalika pa tebulo. Ngakhale malaya ankabwera nawo oyera, poti munthu akapeza bwino amayambanso kudzisamala. Hermelinda anali wotopa, kutopa kwa zaka zambiri, koma mumtima ankanyada. Anali atamuposa dokotala.

Bambo amene anali kutsogolo kwake anayetsemula kanayi motsatizana. Bambowo atatembenuka, Hermelinda anawazindikira. Anali a Eleuterio Huamaní, abwana a amuna ake. Mphuno ili psuu, maso akulengeza misozi, ankafunsa wogulitsa ngati pali china choposa madzi a chule wogayidwa amene akazi awo ankawamwetsa m'mawa uliwonse.

Hermelinda analephera kuugwira mtima.

"Bambo Eleuterio, asiyeni achulewo azikhala m'madzi," anatero. "Gulani awa a chivindikiro chobiriwirawa. Umboni muli nawo pantchito panu pomwe."

Bambowo anamuyang'ana ngati akufufuza nkhope. Iye anawakumbutsa kuti ndi mkazi wa a Saturnino, ndipo anafotokoza zonse: za dokotala, za mabasi awiri, za mmene munthu amene ankapumula kawiri pokwera masitepe tsopano akudula nsalu tsiku lonse osatsokomola. Anati iwo monga abwana ayenera kuti aona okha kusinthako. Anthu a pa mzere anatchera khutu. Mayi wina kumbuyo anali atayamba kale kufunsa ngati mabotolowo atsala ambiri.

A Eleuterio anapukuta mphuno kwa nthawi yaitali, maso ali pansi.

"Mayi, ine ndimayesa anakuuzani," anatero motsitsa mawu. "A Saturnino ndinawaimitsa ntchito sabata ya Pasaka. Ankatsokomolera pa nsalu za makasitomala."

M'mawa umenewo, monga masiku onse, Hermelinda anali atawalongedzera mpunga ndi nyemba, n'kuwakalipira kuti afulumire, angachedwe kuntchito.