Mtengo wa Mango Anaudula Kale

"Tilozereni manda a malemu amuna anu, mayi, tikumbe," anatero kapitawo wa anyamata osamutsa manda.

Mayi wamasiyeyo anamwazamwaza maso. Tawuni inali itakula, ndipo pamandapo pankabwera depoti ya mabasi opita kunyanja. Zaka zonsezi ankapeza pamene panagona amuna ake poyambira pamtengo wa mango n'kutsetserekera kumanzere. Koma mtengowo anali ataudula kale, chitsa chomwe n'kuzula. Mitanda yamatabwa chiswe chinadya kalekale. Panangotsala mitumbira yofanana yokhayokha.

"Mayi, dzuwa likuswa mtengo ili. Anyamatawa ntchito yawachulukira."

Mayiyo anamvetsera mumtima kuti mwina china chake chimukokera kwinakwake, koma munali zii. Anangotukula dzanja n'kuloza mtumbira umene unali pafupi ndi mapazi ake.

Kapitawo anakanda m'mutu. "Pepani mayi, pamenepa alozapo kale mabanja awiri m'mawa uno. Aliyense akuti ndi m'bale wake."

Mayiyo sanalire. Anawerama, nazula kaudzu pamtumbirapo monga ankachitira nthawi zonse, n'kupukuta manja pansalu yake.

"Ndiye mukumbe mosamala," anatero. "Amene agona apawa ndi okhawo amene akadali ndi abale."