Manda Osokonekera ku Shurugwi

Shadrick anaima pakati pa manda, khasu lili m'manja, osadziwa poyambira. Maenje a makorokoza, okumba golide aja, anali atafika pansi pa manda, ndipo mvula itagwa nthaka inatitimira. Mitanda ya Amalawi amene ankagwira ntchito m'migodi ya dziko lachilendoli, imene kale inkayang'ana kumudzi, tsopano inangoti balala.

"Ababa, nanga agogo ali pati?" anafunsa mwana wake Eliness.

Shadrick anazungulira, nabwerera, nazunguliranso. Mtanda wa bambo ake unali utagwera pakati pa mitumbira iwiri.

"Mgodi unkawaimika pamzere ali moyo, atafa unawagonekanso pamzere," anatero mokwiya. "Lero nthaka yakana."

"Ndiye tilambule pati?"

Shadrick analavulira m'manja, nakweza khasu.

"Yamba pomwe waimapo. Tilambula onse."